Mtsikana Wokwatitsa Nsapato

Inu amene nkhongono zazizira, senderani kuno ndikuuzeni za mwana wa malemu achimwene anga. Ine sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo, ndiye mukapeza chilembo chopindika musaseke ine, sekani aphunzitsi amene anandilephera.

Tsiku limene anamukana, mwanayu anakhala pathumba la nsapato kuseri kwa chitseko, kalata ili m'manja, akulira mpaka mamina kuchita thovu. Ine ndinayesa kwagwa zovuta.

Nkhani inali iyi. Pasukulu ya ukachenjede pamene ankaphunzira zamalonda, anthu amene anaphunzira pomwepo kalekale, amene lero ali ndi mimba ndi magalimoto, anasonkherana thumba la ndalama. Chaka chilichonse amasankha ophunzira awiri n'kuwatumiza kunja kukaphunzira chaka chathunthu. Ndege, pogona, mabuku, zonse amalipira iwo. Koma munthu amaloledwa kuyesa kawiri kokha, ndipo wanga anali atawotcha mwayi woyamba.

"Anakufunsa chiyani?" ndinatero ine.

"Anati munayendetsapo bizinesi yanji. Ine ndinati palibe."

"Palibe? Nanga wakhaliracho n'chiyani, mazira?"

"Azakhali inu, anzanga amatchula mashopu a makolo awo. Ine ndikanati nsapato zopanda zinzake?"

Imvani ntchito imene ankachita nayo manyaziyo. Belo la kaunjika likatsegulidwa, simulephera kupezeka nsapato zamasiye: yakumanzere ilipo, yakumanja kaya inatsalira dziko liti. Ogulitsa ankangoziponya pansi pa benchi. Makolo ake atatisiya, mwanayu anaona kuti imene ikusowa kwa wogulitsa uyu nthawi zina ili kwa wogulitsa wa kumapeto kwa msika, koma awiriwo sapatsana moni chifukwa cha kaduka. Ndiye ankazigula motchipa, kuzichapa, kuziyanika pawaya, n'kumazikwatitsa. Mumsika anamupatsa dzina loti Kamanzere. Sukulu yonse inalipiridwa ndi maukwati amenewa.

Analira masiku atatu. Tsiku lachinayi anasamba kumaso n'kunyamula thumba.

Chaka chimenecho sanapume. M'mawa kumsika, masana m'kalasi. Anayamba kujambula nsapato zamasiye pafoni n'kumatumizira ogulitsa a m'misika ina. Anayanjanitsa amayi awiri amene anadana kuyambira ali ndi mano onse, poti wina anali ndi thumba la zakumanja, wina la zakumanzere, aliyense akuumirira kuti lake ndiye lofunika.

Musaganize kuti zinkangoyenda. Mvula inawoletsa thumba lathunthu. Tsiku lina, mwa phuma, anagulitsa zakumanzere ziwiri kwa bambo wina, amene anabwerera akuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Kamanzere anapepesa, anawapatsa zina, ndipo bamboyo mpaka lero ndi kasitomala.

Nthawi yoyesa komaliza inakwana. Polemba kalata, ulendo uno anafotokoza zonse za nsapato, osabisa ngakhale nkhanu ija.

Ine m'chipindamo sindinalowe, anandisiya pampando panja ndikusirira makapeti. Koma akuti munali tebulo lalitali, makina oziziritsa phulii, ndi akuluakulu asanu a thumba lija. Wapampando anali mdala wina mwini malole, wa nsidze ngati burashi yopolishira. Iyeyu anali atawerenga kalata ija, ndiye anabwera atakonzeka. Anatulutsa nsapato imodzi m'pepala n'kuiika patebulo, gwa!

"Iyi ndinaigula kunja, komwe tikufuna kutumiza anthuko," anatero mdalayo. "Inzake anadya galu wanga. Mukandipezera pofika Lachisanu, konzani chikwama."

Taganizani. Kungoti "zitheka bwana", phazi limodzi linali kale m'ndege.

Kamanzere anaitenga, anaitembenuza, anapisa dzanja mkati, anayang'ana ulusi wake.

"Bwana, iyi inasokedwa pamanja atayeza phazi lanu. Ilibe nambala, ndipo m'belo simubwera zotere. Ndikati ndiipeza, ndakunamizani."

"Ndiye mwalephera?"

"Iyi yokha ndalephera."

"Nanga nditani nayo?"

"Mupatseni galuyo amalize ntchito yake."

Kenako mayi wina wa kubanki anaphulika kuseka mpaka kuvula magalasi, enawo n'kutsatira. Phokosolo ndinalimva ndili panja, ndinati basi, mwana wanga amupanga chidole.

Mdala uja anapukuta misozi. "Kuyambira m'mawa aliyense akundilonjeza mwezi ndi nyenyezi. Uyu yekha ndiye akudziwa katundu wake, akudziwanso pamene mphamvu zake zathera. Wotere ungamutume kutali."

Kalata yachiwiri itafika, amene analira ndinali ine. Ndinavina pakhonde mpaka bondo linandikumbutsa zaka zanga.

Anapita. Anatumiza chithunzi atavala majekete atatu, akuoneka ngati belo losatsegula. Kumeneko anaphunzira mmene katundu amasankhidwira asanapakidwe, anaonana maso ndi maso ndi amene amamanga mabelowo, n'kuwafunsa chifukwa chake amalekanitsa mabanja a eni.

Lero ali ndi nyumba yosungiramo katundu, mashelefu mpaka kudenga, ndi antchito asanu ndi awiri. Chaka chilichonse naye amaponya yake m'thumba lija, ndipo amakhala patebulo lalitali lomwelo kufunsa ana a anzake. Akuti ndi wovuta kuposa mdala wa malole. Ine ndimati watengera kuchimuna.

Tsono inu amene munadutsa pasukulu n'kukhuta, tembenukani muone amene akubwera m'mbuyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo tikiti ya ndege siigwa ngati mvula.

Nanunso amene mukubisa kantchito kanu kuseri kwa chitseko, katulutseni, kapukuteni fumbi. Musakachepetse, musakakulitse, kaneneni mmene kalili. Akakukanani, lirani ndithu, ine ndikubwerekani mpango. Koma mukatha, minani, lembaninso kalata ina. Mtima wokhawo musautaye, ana anga, poti umenewo ngakhale Kamanzere sangakupezereni wina.