Kangaude Amene Tinamuika Padzuwa

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Amayi anatsika kombi kwathu ku Njube, mumzinda wa Bulawayo, atanyamula bokosi lagalasi lokutidwa ndi chitenje. Ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, ndipo abwana awo ankasamukira kunja. Antchito ena anapatsidwa mipando, ena mapoto. Ife tinapatsidwa kangaude.

Ankamuweta ndi mwana wa abwanawo. Anali talantula wakuda bii, waubweya, wamkulu ngati chikhatho changa, koma nsonga za miyendo yake zinali zofiirira. Akuti mtundu wake umachokera kunkhalango zamvula za kutsidya kwa nyanja, ndipo sukhala m'maenje ngati akangaude amene tinkapha ndi miyala kuseri kwa sukulu. Uwu ndi wa m'mitengo. N'chifukwa chake bokosilo linali lalitali choimirira, muli khungwa la mtengo, ndipo kangaudeyo analuka kanyumba koyera pamwamba penipeni.

Amayi anandiuza malamulo amene anauzidwa: asakhale padzuwa, kambale ka madzi kasaume, m'mbali mwa galasi muziwazidwa timadzi, azidya zamoyo zokhazokha. Ine ndinali mwana wokonda malamulo mpaka kunyansa. Ndinaika bokosi pakona, kuseri kwa wadirobu, n'kuphimba mbali ya kuwindo ndi nsalu yakuda. Ndikaweruka kusukulu ndinkayenda ndi botolo m'mphepete mwa mipanda ya anthu, kutola ziwala ndi mphemvu. Ndinkamulankhulanso. Kunja ndinkachita manyazi ndi Chichewa, ndinkangolankhula Chindebele ngati anzanga, koma kwa kangaude uja Chichewa chinkangotuluka chokha, monong'ona.

Sindinaganizepo kuti zonsezi zinkaoneka bwanji kwa munthu wa mbali ina ya khoma. Tinkachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya a MaNcube, mayi wamasiye wa mtima wabwino koma wa makutu akuthwa. Ndiponso ife a ku Nyasalandi, ngakhale tinabadwira pomwepo, tinali kale ndi mbiri yoti timadziwa mankhwala.

Kenako mdzukulu wawo, Sipho, anayamba kutsegula m'mimba mpaka anagonekedwa kuchipatala ku Thorngrove. Moni wa pampopi anachepa. Masana ena a MaNcube analowa m'chipinda mwathu osagogoda, n'kukoka nsalu yakuda ija.

"Maye! Kuyini lokhu?" anakuwa, kufunsa kuti n'chiyani chimenechi. Anatembenukira Amayi, n'kuwatchula ndi dzina langa monga amachitira kumeneko. "NakaTadala, mdzukulu wanga ali m'chipatala, inu mukudyetsa chinthu ichi m'nyumba mwanga? Mwezi ukatha musamuke."

Kumayadi chinthu chomwechi chinkakhala pabalaza, alendo n'kumachiyamikira. Chinasintha n'chiyani chili m'kombi? Ndinafunsa Amayi, koma iwo anangokhala pabedi, dzanja lili patsaya. Tinalibe kwina kopita.

Loweruka m'mawa Amayi anatulutsa katebulo, n'kukaika pabwalo pafupi ndi mpopi. Anatenga bokosi, wopanda nsalu iliyonse, n'kulikhazika pamenepo.

"Amayi, padzuwa afa!"

"Ndikudziwa, Tadala," anatero osandiyang'ana. "Kaitane anzako adzaone."

Anabwera, poyamba ana, kenako amayi awo ataima patali, manja m'chiuno. Bambo wina wowotcherera zitsulo ku Kelvin anati anaonapo zoterezi pa wailesi ya kanema, ndipo anagogoda galasi monyadira ngati kangaudeyo ndi mbale wake. Amayi anandiuza kuti ndiponye chiwala anthu akuona. Kangaude anatsika pakhungwa mwaliwiro, n'kuchigwira khwi! Anthu anakuwa, kenako anaseka. Ngakhale a MaNcube anasuzumira, ataphimba pakamwa ndi nsalu.

Madzulo ndinkamulowetsa, m'mawa Amayi ankamutulutsanso. Unali mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Bulawayo limaumitsa zovala usanamalize kuyanika. Ndinayesa kukokera katebulo pamthunzi wa khoma, koma mthunziwo unkathawa. Ndinawaza madzi, ankangouma ndikuyang'ana. Ndinapempha kuti tiphimbe mbali imodzi yokha. Amayi anati nsalu ikabwerera, nkhani nayo ibwerera.

Sipho anatuluka m'chipatala atawonda, koma ali moyo, ndipo naye anabwera kudzaponya chiwala. Nthawi imeneyo kangaude anali atasiya kudya. Anachoka m'kanyumba kake kam'mwamba n'kukhala pansi pafupi ndi kambale ka madzi, malo amene sankakhalapo. M'mawa wina ndinamupeza atapinda miyendo yonse kunsi kwa mimba.

Ndinalira mokwiya. Chimene chinandisokoneza kwambiri chinali a MaNcube. Anabwera n'kundigwira paphewa. "Uxolo, mntanami," anandipepesa, "kanali kokongola ndithu." Za kusamuka sanazitchulenso, ndipo tinakhala m'chipinda chija mpaka ndinamaliza sekondale.

Kwa nthawi yaitali sindinkadziwa woti ndimukwiyire. A MaNcube ankaopera mdzukulu wawo. Anthu amene ankatinong'oneza ndi omwewo amene anadzaseka nafe pampopi. Amayi ndiye anachita mwadala, ndipo sanabise.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimachita lendi. Ndimamvetsa tsopano kuti Amayi akanangomupha kangaude uja ndi mwala tsiku lomwelo, anthu akanati tabisa umboni, ndipo tikanasamukabe. Anayenera kufa pang'onopang'ono anthu onse akuona, kuti akhulupirire kuti anali kangaude chabe. Amayi anadziwa zimenezi m'mawa uja ponyamula katebulo, ndipo anasankha denga la mwana wawo. Ine ndikanachitanso chimodzimodzi, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa imfa ya kangaudeyo.