Chithunzi Chachitatu cha Rosita

Ndinadzuka tambala asanalire, amayi a mpingo akuimbabe motopa m'nyumba momwe munagona maliro a mwana wanga Rosita. Ndisanatuluke ndinamangira envelopu pamimba, n'kuvala zitenje ziwiri.

Rosita anadwala khansa ya m'bere. Ku Nampula ankamuika mankhwala a m'mitsempha, kenako n'kumuunika ndi makina kuti aone ngati chotupa chikumva mankhwalawo. Zithunzi ziwiri zoyamba zinaonetsa kuti chikuphwa, ndipo mwamuna wake anazionetsa mudzi wathu wonse wa Mitande. Chachitatu tinakatenga awiri, ine ndi Rosita. Dotolo anati matenda afika kuchiwindi. M'sitima yobwerera ku Cuamba, Rosita anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, poopa kuti mwamunayo angalowetse mkazi wina iye akali moyo.

Ndiye mudzi wonse unkadziwa kuti akuchira. Atamwalira, anthu anayamba kufunsana kuti ankamuphikira ndani. Ankamuphikira ndi ine.

Kutacha amayi anasonkha moto pamafuwa. Nditagwira mthiko, wina anandilanda mwaulemu: "Pumulani, agogo." Anthu anafika panjinga, ena pa chapa, kaminibasi ka ku Mandimba. Ambiri mwa iwo tinathawira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwerera limodzi, tinafolerana nyumba. Ankandipepesa ali chapatali, osandigwira chanza.

Tinapita kumanda kuli mphepo ndi fumbi. Mkulu wa kuchimuna pofotokoza za imfa anati, "Zachipatala zinatheka. Zinazo akudziwa ndi apakhomo."

Pakhamu lonselo wodziwa kuwerenga zithunzi anali mmodzi, namwino wa ku Ngauma, mkulu wake wa mkamwini wanga yemweyo. Sindinamukhulupirirepo. Koma ndikanapatsa ndani? Akukwirira manda, ndinamasula chitenje n'kumupatsa envelopuyo. Anakweza chithunzi kudzuwa, nawerenga pepala lake, nalankhula ndi mng'ono wakeyo m'Chipwitikizi, chimene ine sindimva. Anandibwezera envelopuyo osafotokozera khamulo, ndipo anthu anabalalika.

Madzulo pakhomo panali zii, patangotsala phulusa. Mkamwini anabwera nakhala pakhonde.

"Munkadziwa, amayi."

"Ndinkadziwa."

"Ankaopa chiyani kwa ine?"

Ndinayang'ana phulusa lija. Kenako iye anapempha madzi. Ndinatunga mumtsuko wanga ndi chikho changa. Anawayang'ana madziwo, namwa onse. Koma anamwa tili awiri, popanda womuona.