Baji imene atsibweni anakana kuti imenyedwe chidindo

Lachiwiri sabata yatha ndinakalipira mayi wosalakwa pa kaunta ya positi ofesi. Ndikuvomera pamaso panu, wolakwa ndinali ine. Koma musanayambe kundiseka, imvani kaye mmene zinayendera.

Atsibweni anga, a Sakala, mlongo wawo wa mayi anga, anagwira ntchito ya upolisi mpaka imvi zinadzaza mutu. Masiku ano ali kumudzi kufupi ndi Sinda, akulima mtedza ndi kukangana ndi mbuzi za eni. Tsikulo anatulukira kwanga ku Katete m'mawa, atavala jekete ya kutchalitchi ndi nsapato zopolishidwa mpaka kuonamo nkhope. Anati amva pa wailesi kuti kwatuluka masitampu atsopano olemekeza mabungwe akale, ina ya apolisi, ina ya bungwe la anthu amalonda limene lakhala zaka zambirimbiri.

"Undiperekeze ku positi," anatero. "Ndili ndi kalata."

"Kalata? Masiku ano, atsibweni? Nenani mawuwo ndiwatumize pa foni, afike musanamalize tiyi wanuyo."

"Amene ndikumulembera makutu anatseka. Ndipo mawu amenewa si a pa foni. Vala nsapato, mwana iwe."

Ine ana anga ali ku sekondale, dazi layamba kale pamutu, koma kwa atsibweni ndikadali "mwana iwe". Ndinavala nsapato.

Kalatayo inali kupita kwa a Mbewe. Nkhani ya a Mbewe pabanja pathu timaidziwa tonse, kungoti sitimaikamba. Kalekale atsibweni ndi a Mbewe anali makonsitabo awiri okha pa kapolisi kakang'ono ka kumalire, cha ku Vubwi. Ankadya mbale imodzi, njinga yoyendera inali imodzi. Tsiku lina uthenga unafika kuti mwana wa a Mbewe wamwalira kumudzi kwa akazi awo, kutsidya kwa malire. Kunalibe foni yoti apemphere chilolezo kwa akuluakulu. A Mbewe anakwera njinga n'kupita kukaika mwana wawo, ndipo anakhalako masiku atatu. Atsibweni, amene anatsala okha pa ntchito, anatsegula buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku n'kulemba kuti Konsitabo Mbewe wachoka pa ntchito popanda chilolezo. Akuluakulu atabwera kudzayendera anawerenga bukulo. A Mbewe anavulidwa yunifomu.

Akuti pochoka anangofunsa kuti, "Sakala, iwe ndithu?" Atsibweni anayankha kuti, "Ndi lamulo, Mbewe." Papita zaka zoposa makumi atatu, sanalankhulanenso.

Mwezi watha mayi wina wogulitsa zitenje, amene amayenda ku Vubwi, anauza atsibweni kuti a Mbewe ali gone, sakudzukanso pamphasa. Ndiye kalatayo.

Tikuyenda m'mbali mwa msewu waukulu, mtima wanga unayamba kuwira monga mwa nthawi zonse.

"Atsibweni, bwanji osangokwera galimoto kupita komweko? Munthu akudwala."

"Kodi iwe umalowa pakhomo pa munthu usanaodire? Makamaka munthu amene unamulakwira? Kalata iyi ndi odi wanga. Akati lowa, ndipita."

"Chabwino. Koma munthu anachotsedwa ntchito, inu n'kumutumizira kalata yokhala ndi sitampu ya baji ya apolisi yomweyo pamwamba? Si kumunyoza kumeneko?"

Anaima. Anandiyang'ana mmene ankayang'anira akuba nkhuku.

"Baji imeneyo ndi yakenso. Ndinamulanda ndine. Ndikumubwezera."

Tinapitiriza ulendo mpaka tinafika pa positi.

Pa kaunta panali mayi wina wazaka zapakati, wovala magalasi okhala ndi chingwe. Dzina lawo sindikulidziwa, ndipo ngakhale ndikanalidziwa sindikanalilemba pano. Anatulutsa masitampuwo. Ya amalonda ili ndi nyumba yakale yamizati. Ya apolisi ili ndi baji, yoyera bwino. Atsibweni anaigwira m'mphepete ndi zala ziwiri ngati mkate wa mgonero, anainyowetsa, n'kuimata pa envulopu mowongoka kwambiri. Kenako mayi aja ananyamula chidindo.

"Imani! Mufuna kuchita chiyani?"

"Kudinda, atate."

"Pa baji?"

"Pa sitampu. Iliyonse timaidinda. Ikapanda chidindo kalata siyenda."

"Dindani pambali. Envulopu yonseyi malo mulibe?"

"Chidindo chiyenera kugwira sitampu, atate, kuti wina asaimatule n'kuigwiritsanso ntchito."

"Ndiye tiyeni tichite chonchi. Ndigula ya amalondayo, muidinde mmene mungafunire. Amalonda zidindo anazizolowera. Koma iyi musaikhudze."

Anthu pamzere anaseka. Mayi aja anamwetulira, koma anapukusa mutu. "Zikakhala ziwiri, ndidinda zonse ziwiri."

Apa m'pamene ine ndinalowerera, ndi pakamwa panga pomwepa. Ndinafunsa ngati dziko lingagwe chifukwa cha kadontho ka inki. Ndinati nkhalamba yatumikira dziko moyo wake wonse, lero ikupempha kanthu kakang'ono, inu mukuumira ngati mwala. Ndinanena zoti n'chifukwa chake anthu anasiya kubwera kuno. Ndinamenya kaunta ndi chikhatho. Bambo wina kumbuyo anati, "Bwana, chepetsani, tili ndi BP ife." Ndinamuuza kuti asamale zake.

Mayi aja sanakweze mawu. Anavula magalasi, nayang'ana atsibweni, osati ine.

"Pepani atate. Ndi lamulo."

Ndinaona atsibweni akugwira kaunta ndi manja onse awiri. Munthu amene amakangana ndi mbuzi anasowa mawu pamaso pa mayi wa ku positi. Mayiwo sankadziwa kuti anena mawu omwewo amene atsibweni anayankha a Mbewe. Ine ndinkadziwa, ndipo manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Tsopano ndiloleni ndisiye kaye nkhaniyi ndilankhule nanu.

Masitampu amenewa atatuluka, ambiri a inu munaseka. Ndinakumvani pamsika, ndinakumvani m'minibasi ya ku Chipata. Akuti ndani akulemba kalata masiku ano? Akuti apolisi alemekezedwe chifukwa chiyani, amalonda atipatsa chiyani? Inenso ndinali m'gulu lomwelo, ndipo mawu anga ndiwo anali okwera. Madandaulo athu ena ndi oona, sindikuwabweza. Amene amawerenga gawo langa lino m'nyuzipepala amadziwa kuti sindinyengerera munthu wa yunifomu kapena wa sitolo.

Koma lero ndikunena mosabisa: masitampuwo ndi oyenera. Chinthu chimene chakhala zaka zambiri chisanagwe, m'dziko limene timayamba gulu la alimi Lolemba n'kulithetsa Lachisanu chifukwa chokanganirana upampando, n'choyenera kuchivulira chipewa. Kodi inu munayamba mwasungapo chinthu, ngakhale komiti ya chitsime, kwa zaka khumi? Yesani muone thukuta lake.

Funso langa ndi lina. Chimene chimasunga bungwe n'chiyani?

Pa sitampu ajambulapo nyumba ndi baji. Chabwino, malo ake ndi ochepa, simungakwanemo nkhope za anthu onse. Koma nyumba siinayezepo thonje la mlimi pa sikelo popanda kubera. Baji siinapalasepo njinga m'matope a ku Vubwi. Anachita zimenezo ndi anthu, ndipo anthuwo anali ndi lamulo m'dzanja limodzi. Dzanja linalo linali lawo, kuti aone chochita nalo.

Kuno kwathu tili ndi matenda awiri, ndipo kaunta ya Lachiwiri ija inandikumbutsa onse.

Oyamba ndi anga. Lamulo likangotipinga, timafuna lithyoledwe chifukwa ndife, chifukwa ndi atsibweni athu, chifukwa timapemphera mpingo umodzi. Wogwira ntchito akakana timamutcha wodzikuza, timati udindo wamulowa m'mutu. Koma mawa akathyolera mnzathu lamulo lomwelo, ndife oyamba kukuwa kuti ziphuphu. Tikufuna chiyani kwenikweni, abale?

Achiwiri ndi aja obisala kuseri kwa lamulo ngati kuseri kwa nkhokwe. Mumawadziwa. Mayi wayenda kuchokera kumidzi ya ku Mkaika ndi mwana kumbuyo, pepala lake lasowa kanthu kamodzi, yankho n'lakuti "mubwere mawa", maso ali pa foni. Sanalakwe lamulo, n'zoona. Koma sanamuuze mayiyo chimene chasowa, kapena khomo limene angachipeze. Mawu awiri okha. Kodi buku lake ndi liti limene linamuletsa?

Mayi wa ku positi uja analibe matenda onse awiri. Ataona kuti nkhalamba yangoti duu, anaika chidindo pansi.

"Manje atate, kodi sitampu iyi mufuna ifike yoyera kwa munthu?"

"Eee."

"Ndiye vuto palibe. Iyi ya panja ndi ya ntchito, ndiidinda. Gulani ina, muiike m'kati pamodzi ndi kalata. Ya m'katiyo palibe adzaikhudze. Ifika mmene ilili."

Basi. Nkhani imene ine ndinafuna kugwetsera denga anaithetsa ndi mpweya umodzi. Lamulo linatsala chilili, nkhalamba sinachititsidwe manyazi. Mayiwo anatipatsa envulopu ina, popeza yoyambayo inali yomata kale, ndipo sitampu ya m'katiyo anaikulunga okha m'kapepala koyera kuti isamatirire.

Ndinapepesa. Anandiyankha kuti, "Palibe kanthu, atate, amuna a ku Katete tinakuzolowerani." Mzere wonse unaseka, ndi bambo wa BP yemwe. Ndinalandira, zinandiyenera.

Atsibweni anapempha bolopeni. Anatambasula kalata ija pa kaunta n'kuwonjezera mizere ingapo pansi, pang'onopang'ono, ndi zilembo zawo zopendekera za apolisi akale. Sindinasuzumire. Anamata envulopu yatsopanoyo, anagula sitampu ina ya baji n'kuimata panja, n'kukankhira envulopu kwa mayi aja.

"Dindani, mayi. Dindani zolimba."

Chidindo chinalira, gu!

Tili panja, tikudikira galimoto ya ku Sinda, atsibweni anati:

"Ukudziwa chimene ndaonjezera muja?"

"Ayi."

"Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti panali njira ziwiri zokha: kulemba m'buku kapena kunama. Kunama sindikanatha, ndiye ndinalemba. Lero mwana wa pa kaunta uja wandionetsa njira yachitatu, ya m'kati. Ndikanalemba kuti wachoka popanda chilolezo, inde. Koma pansi pake ndikanalembanso kuti wapita kukaika mwana wake, ndipo ntchito yake ndaigwira ine. Mzere umodzi. Malo m'buku analipo. Lamulo silinandiletse, mwana iwe. Sindinaganize chabe."

Galimoto itafika, ndinawathandiza kukwera.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti atsibweni ndi munthu woipa. Sanalandirepo nkhuku ya munthu pa ntchito, ndipo ngati pali anthu amene sitampu ija ikuwaimira, iwo ali pomwepo. A Mbewe nawonso ali pomwepo, ngakhale dzina lawo linafufutidwa. Mabungwe amene tikuwalemekezawa anamangidwa pamsana pa anthu otere, ena anatuluka ndi mendulo, ena anatuluka ndi katundu pamutu. Tikamaombera m'manja zaka zawo, tiziwerengako ndi amenewa.

Ndiye gulani masitampuwo, ine ndagula yanga ndipo ndaisunga m'Baibulo. Akuluakulu amene munaganiza zowasindikiza, mwachita bwino. Koma mukamaphunzitsa achinyamata amene akulowa ntchito lero, kaya pa polisi, kaya pa sikelo, kaya pa kaunta, musangowaloweza zimene lamulo likuletsa. Aphunzitseninso kuona zimene lasiya potseguka. Bungwe limene anthu ake amadziwa zimenezo lidzafika zaka zina zambiri, ndipo sitidzasowa kufunsa kuti tikulilemekezeranji.

Kalata ija yapita pa bokosi la mpingo, chifukwa kumudzi kwa a Mbewe makalata amafikira kumeneko. A mpingo akaitenga, aipereka pambuyo pa mapemphero Lamulungu, ndipo mwana wamkazi wa a Mbewe ndiye akaitsegule. Itenga sabata, mwina awiri. Kaya iwapeza akupuma, kaya maso awo akadaona mpaka kuzindikira kabaji kaja, kaya adzati lowa, ine sindidziwa. Atsibweni auza kale wa njinga yamoto kumudzi kwawo kuti akhale wokonzeka, ndipo chikwama chili pakhomo. Mzere umene ukanatenga mphindi imodzi ukuthamangitsana ndi imfa pamsewu wa ku Vubwi.

Nanga inu amene mawa m'mawa mukatsegula buku pa ntchito panu, munthu ataima patsogolo panu, cholembera chili m'manja: mzere umene palibe akukuletsani kulemba, mukuusungira chaka chiti?