Bowo pa Dola ya a Kapalamula

A Lameck Kapalamula anafika ku Toronto mu 1971 ali ndi zaka makumi asanu, jekete imodzi yopyapyala ndi satifiketi ya uphunzitsi imene palibe anafuna kuiona. Kwawo anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya mishoni ku Dedza, mpaka pamene mnzawo wa pantchito anakawanenera mabodza kwa anthu a chipani chifukwa chosirira mpando wawo. Dzina la munthuyo sanaliiwale, ndipo ankalitchula lonse lathunthu ngati akuitana mayina m'kalasi. Akazi awo, a Hilda, anali namwino, choncho ntchito anaipeza msanga panyumba yosamalira okalamba ku North York. Bambowo anapeza yonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege. Kumeneko munthu amene anaphunzitsa Chingelezi zaka makumi awiri ankafunsidwa kawirikawiri ngati Chingelezi amachimva. Ana analibe.

Za tindalama tagolide zinayamba chifukwa cha chisanu. Loweruka lina, mphepo itawapweteka makutu mumsewu wa Yonge, analowa m'kasitolo kena kuti angofundako. Munali mogulitsa ndalama zakale. Mwini wake, nkhalamba yochokera ku Hungary imene nayonso inathawa kwawo, sanawafunse chimene akufuna. Anangotulutsa kandalama kachikasu, kakang'ono ngati chikhadabo cha kachala komalizira, n'kuwapatsa galasi lokulitsira zinthu.

Inali dola ya golide ya ku America, ya mtundu umene anasiya kupanga mu 1889. A Kapalamula atasuzumira pagalasipo anaona mutu wa mayi, tsitsi lake lililonse likuoneka palokhapalokha. Anaima pamenepo mpaka sitolo itatsekedwa.

Nkhalambayo inawaphunzitsa mmene amaonera mtengo wa tindalamato. Golide wake ndi wochepa, inatero, chimene munthu amagula ndi zaka zimene kandalamako kadutsa osakhudzidwa. Amakagwira m'mphepete mokha. Sakapukuta, sakakwecha, ngakhale kade bwanji. Kenaka inawaonetsa botolo limene munali tina toboola, timene azimayi akale ankavala m'khosi ndi m'mikono.

"Iti ndi takufa," inatero nkhalambayo. "Timagulitsa pa sikelo ngati nyama."

A Kapalamula anazikonda zimenezi. Dziko limene linawataya linali lopanda malamulo, koma pano panali malamulo omveka, ndipo chinthu chosungidwa bwino chinkalemekezedwa. Anayamba kugwira ovataimu. Pofika 1976 anali ndi tindalama tingapo, kalikonse m'kakatoni kake kokhala ndi zenera la pulasitiki, tonse m'kabokosi ka bisiketi pamwamba pa wadiropu. Lamulungu akabwera kutchalitchi ankasamba m'manja, kuyala thaulo patebulo ndi kutiyang'ana kamodzikamodzi. A Hilda ankangodutsa ndi mbale. Firiji yawo inali yolira ngati chigayo, ndipo makatani anali omwe anawapeza m'nyumbamo.

Amalawi a mumzindawo nthawi imeneyo ankakwana pabalaza limodzi. Monga mwa chizolowezi cha anthu athu, chimene sanachimvetse anachiseka. Ankati a Hedi, ndiwo a Kapalamula, apenga, akugula ndalama ndi ndalama. Palibe ngakhale mmodzi amene anapempha kuti asuzumireko pagalasi lija.

Chaka chimenecho m'sitolomo munafika dola ya 1857, ya mayi wovala nthenga kumutu. Sinayendepo m'manja mwa anthu. Nthenga iliyonse inali ndi timizere take, ndipo kuwala kwake kunali kwa tsiku limene inatuluka m'makina. A Kapalamula anaigwirira ovataimu nyengo yonse ya chisanu. Loweruka limene anakaitenga anasiya m'sitolomo zonse zimene anali nazo m'thumba, n'kutuluka ndi kakatoniko ndi tokeni ziwiri za basi, tizitsulo topepuka tolipirira ulendo.

Tsiku lomwelo anali ataitanidwa kwa Jailosi, mnyamata wa ku Ntcheu amene ankaphunzira payunivesite ku North York. Mkazi wake Naomi anali atachira mwana wamkazi, ndipo anthu anasonkhana kudzamuona. A Hilda anali atatsogola kale kuchokera kuntchito. A Kapalamula anafika mochedwa, anavula nsapato pakhomo, n'kukhala pampando umene anawasungira.

Anthu atadya, Jailosi anagwada pafupi nawo.

"Bambo, makolo athu ali kutali, ndipo kalata imatenga mwezi, mwinanso osafika. Wamkulu wathu kuno ndinu. Mwanayu mumutche dzina."

A Kapalamula sanayembekezere zimenezi. Naomi anawaikira mwanayo pamiyendo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Tiyanjane."

Azimayi analulutira mpaka mzungu wa m'chipinda chapansi anagogoda denga lake ndi tsache. Pamenepo Phyllis, mayi wa ku Chipata amene pakamwa pake panalibe chitseko, anaombera m'manja.

"Dzina tamva, a Hedi. Nanga dzina limapita louma? M'manja mwa mwana muikemo kanthu."

Zinali zoona, wotcha dzina amafumbatitsa mwana kandalama. A Kapalamula anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa zonse zimene zinalimo. Pachikhatho panali tokeni ndi kakatoni kaja.

"Tokeni!" anakuwa Phyllis. "Mukufuna mwana wa masabata awiri akakwere basi yekha? Akatsikire pati?"

Anthu anafa nacho chiseko.

"Ndibweretsa mawa," anatero a Kapalamula. "Hilda, m'chikwama mwanumo mulibe kasiliva?"

"Wotcha dzina ndine kodi?" anayankha a Hilda. Anatambasula dzanja n'kutenga kakatoniko, kukang'amba ngati akusenda nthochi. "Kachikasu aka bwanji? Kunyumba muli nato tambiri, tongogona m'bokosi."

Anakaika m'manja mwa amuna awo, maso a anthu onse ali pomwepo. A Kapalamula anakagwira m'mphepete monga mwa lamulo, n'kukaika m'kadzanja ka mwanayo. Kadzanjako kanafumbata, konyowa ndi dovu.

"Golide weniweni!" anatero Jailosi. Nthungululu zinayambiranso, tsache nalonso linagogodanso.

Pobwerera, m'basi monse, a Kapalamula ankangoyang'ana pazenera. Chinthu chopatsa khanda sachilanda, izi a Kapalamula ankazidziwa bwino kuposa onse amene anali m'nyumba muja. Koma Lamulungu lotsatira anapita kwa Jailosi ndi paketi ya matewera. Linalo anapita ndi bulangete. Anthu anayamba kunena kuti mwana wawafewetsa mtima a Hedi. Iwo ankanyamula Tiyanjane maso ali pa kabati, pamene kandalamako kanali m'sosala pamodzi ndi mapini ndi makiyi. Nthawi iliyonse Jailosi akaponya makiyi m'sosalamo, a Kapalamula ankamva ngati wawaponda chala.

Tsiku lina anayesa. Anabweretsa dola yasiliva ya ku Canada, yaikulu, yonyezimira.

"Kaja n'kakang'ono, mwana angameze. Bwanji tisinthe ndi iyi?"

"Ayi bambo," anatero Naomi. "Dzina analandirira kaja. Koma mwanena zoona za kumezazo. Ine ndili mwana amayi anandimangirira kobiri m'khosi, aja oboola pakati aja. Akanso tikaboole, tikaike pa ulusi. Bambo a Tiyanjane amati aboola ndi msomali."

"Msomali!"

"Nanenso ndawakaniza, manja awo ndi ogwira bolopeni basi. Inu kuntchito kwanu kuli zida. Mutithandize."

Anakatola m'sosalamo ndi zala zamafuta ophikira n'kuwapatsa. A Kapalamula anakakulunga m'mpango. Kunyumba anakaona pagalasi: panali timikwingwirima tiwiri ta makiyi kuseri, koma nthenga zonse zinalipo.

Loweruka anapita ku Yonge n'kupempha botolo lija. Anasankhamo dola yoboola kale, ya mayi wa nthenga yemweyo, chaka chake chosawerengeka. Nkhalamba ija inawayang'ana modabwa. M'basi a Kapalamula anadziuza kuti golide ndi golide, mwana wakhanda sadziwa nthenga, ndipo anthu amene amasunga chinthu chotere pamodzi ndi makiyi sangaone kusiyana.

Lamulungu limenelo mapemphero a Amalawi anali kwa Jailosi. Atatha kuimba, a Kapalamula anapereka mpango kwa Naomi. Iye anafunyulula, n'kupita nako pazenera. Anakatembenuza kawiri.

"Bambo, kodi kuboola kumameta?"

"Mukuti bwanji, mwanawe?"

"Mayi uja anali ndi tsitsi, lopotana bwinobwino mpaka m'khosi. Ndinkamuyang'ana ndikamayamwitsa. Uyu ndi wadazi."

Phyllis anafika msanga kudzaona. "Eee, wakalamba m'sabata imodzi! A Hedi, munamugwiritsa ovataimu kuntchito kwanu?"

Ena anaseka, koma chiseko chake sichinapite patali. Jailosi anayang'ana pansi. Naomi anapinda mpango uja bwinobwino, kandalamako kali momwemo.

"Palibe kanthu, bambo. Akanso n'kabwino. Timangirira komweka."

Ananena mwaulemu, ndi mawondo omwe anapinda. A Kapalamula anazindikira ulemu umenewo. Unali womwe anthu a ku Dedza ankapereka kwa munthu uja amene anawalanda mpando, pomupatsa moni pamsewu. Anayang'ana kwa a Hilda. A Hilda anali kuyang'ana kapu yawo ya tiyi.

"Ndasokoneza mipango," anatero a Kapalamula. "Bweretsani. Kenikeniko ndikubweretserani Lachiwiri."

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro, anzawo akudya masangweji, anapempha kiyi wa kachipinda ka zida. Anapana kandalamako pakati pa timatabwa tiwiri, n'kusankha kachitsulo koboolera kochepetsetsa. Anakayang'ana kotsiriza pagalasi, kufuna malo amene bowo silingakhudze nthenga. Malo otero panalibe, kandalamako kanali kochepa kwambiri. Anayatsa makina. Golide ndi wofewa, ntchito yonse inatha asanapume kawiri. Bowolo linakhota pang'ono n'kudya nsonga ya nthenga yakutsogolo. Tinyenyeswa tachikasu anatisesera m'mpango ndi chala.

Lachiwiri madzulo Naomi anapitanso nako pazenera.

"Uyu ndiye mayi wathu uja," anatero. Anapisa ulusi wakuda pabowopo, kumanga mfundo, n'kumuveka mwanayo. "Tiyanjane, wathokoza agogo?"

Mawu akuti agogo anawakakamira kuyambira tsiku limenelo. Mwanayo atayamba kuyenda ankawathamangira pakhomo, ndipo Chichewa chochepa chimene ankalankhula chinali cha iwo: moni, madzi, ndakhuta. Zina zonse ankayankha m'Chingelezi. Mano atayamba kumera ankatafuna kandalamako, mpaka mayi wa nthenga naye anayamba dazi. A Kapalamula akamunyamula, diso linkayamba lagwera pakhosi, kenaka pankhope.

A Hilda sanapepese, ndipo amuna awo sanawakhululukire. Nkhaniyo inkatuluka pa zinthu zosagwirizana nayo, monga mchere ukachepa m'ndiwo. A Kapalamula sanamupatsenso Phyllis moni wa m'manja mpaka mayiyo anasamukira ku Markham. Kuja ku Yonge anapitiriza kupitako, koma ankangoona, osagula. Chisanu chotsatira ovataimu yawo inagula firiji, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense wobwera m'nyumbamo wamva kuti sanaigule mwa kufuna kwawo.

Chakumapeto kwa 1979, mtengo wa golide utakwera moti anthu ankaima pamzere kugulitsa mphete za maukwati awo, a Kapalamula analowa m'sitolo muja atagwira Tiyanjane padzanja. Makolo ake anali atawasiyira mwanayo popita kukagula zinthu za Khirisimasi. Nkhalamba ija inawerama kuti impatse mwanayo switi, ndipo inaona chimene chinali pakhosi pake. Inatenga galasi, kuyang'ana chaka, n'kuwongoka pang'onopang'ono.

"Iyi ndi ija ya 1857. Ndani wouma mtima amene anachita zimenezi?"

"Ndine," anatero a Kapalamula.

"Ndi chiyani? Msomali?"

"Makina. Anandipulumuka pang'ono."

Nkhalambayo inapukusa mutu n'kuloza sikelo. "Lero ndingakupatseni mtengo wabwino wa golide wake. Sudzafikanso pamenepa."

Tiyanjane, amene anamva zonse chifukwa zinali m'Chingelezi, anafumbata kandalamako n'kukabisa m'kati mwa juzi.

"Eni ake akana," anatero a Kapalamula. Anamumanga mwanayo mabatani a jekete mpaka m'khosi, anamuveka chipewa, ndipo anatuluka kukadikira basi.