Kudikira Chipale ndi Amalume

Magalasi aja anali ndi lamba wakuda wa mphira, ndipo galasi lake linali lachikasu chofiirira, lokalika pang'ono kumanzere. Amalume anawapeza mushopu ya zinthu zakale ku Shawlands, Loweruka lina kumapeto kwa Okutobala. Anangowaika patebulo la kukhitchini, ine n'kuwatola. Nditawavala, fulati yathu yonse ya ku Easterhouse inasintha mtundu: makoma, firiji, ngakhale nkhope ya amayi, zonse zinaoneka ngati zawombedwa ndi dzuwa la madzulo. Siponji yake inkanunkha thukuta la munthu wina amene sindidzamudziwa.

"Amenewo ndi ovala paphiri," anatero amalume. "Chaka chino tikatsetsereka pa chipale."

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Panyumba tinalipo atatu. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo ankayendera kagalimoto kakang'ono kobiriwira kamene kankatsokomola kukazizira. Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anabwera kuchokera ku Zomba chaka cham'mbuyo mwake kudzaphunzira uinjiniya wa zamadzi kuyunivesite ya ku Hillhead. Ankagona pabalaza, pasofa yotambasula, mapazi ali panja chifukwa anali aatali. Ine ndinabadwira ku Glasgow konkuno. Iwo akandilankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi cha kuno, chimene amalume ankati chimamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga.

Nkhani yonseyi inayamba ndi pakamwa panga. Tsiku lina tikuonera TV, panaoneka anthu akutsika phiri loyera atakwera timatabwa tiwiri tija amati masikii. Ndinanena, mosaganizira n'komwe, kuti zimenezo si za anthu ngati ife. Amalume anatsitsa voliyumu.

"Wakuuza ndani?"

Palibe anandiuza. Ndinali nditangoona ndekha, monga mmene ana amaonera zinthu. Iwo sanandikalipire, sananditsutse. Anangogwedeza mutu, n'kubwezeretsa voliyumu. Patatha milungu iwiri ndi pamene magalasi aja anafika.

Pa atatufe panalibe amene anapondapo pa masikii. Amalume chipale anachionapo kamodzi kokha, chamatopematope, m'mphepete mwa msewu wa basi. Koma anali munthu woti akafuna kudziwa chinthu amachiphunzira mpaka chitatopa nawo. Anawerenga za mapiri a kumpoto, napeza malo amodzi oti n'kupita m'mawa ndi kubwerako tsiku lomwelo. Anadziwa mbali ya phiri imene chipale chimayamba kugwira, mphepo imene imachikokolola, ndi msewu umene amatseka kukavuta. Anasankha Loweruka lomaliza la Novembala.

Aliyense amene anamva tsikulo anaseka. Kutchalitchi chathu, kumene Amalawi tinkasonkhana pomwera tiyi mapemphero akatha, mayi wina wa mvano anaseka mpaka kuika kapu pansi. "Inu achimwene, munthu kuchoka ku Zomba kudzathyokera mwendo kuno? Bwanji osadikira ngakhale Khrisimasi ipite?" Amalume anaseka nawo limodzi, kenaka n'kuwafunsa ngati mwana wawo anali ndi jekete yomuchepa. Lamulungu lotsatira mayi uja anabwera ndi jekete yofiira m'jumbo, ndi sikafu pamwamba. Umu ndi mmene katundu wathu anasonkhanirana. Magolovesi anachokera kwa mkulu wa mpingo wina amene ankagwira ntchito ya makompyuta. Masokosi a ubweya anachokera kwa agogo ena achizungu amene amayi ankawasambitsa Lachiwiri ndi Lachisanu. Munthu ankayamba ndi kuwaseka amalume, n'kumaliza akufufuza m'kabati mwake.

Ndinakawauza aphunzitsi anga za ulendowu. Anali mayi wamfupi wa tsitsi la imvi, amene anakulira kumpoto komweko. Anandiyang'ana mwachifundo.

"Mu Novembala? Ukawauze amalume ako kuti adikire Febuluwale. Nthawi imeneyo mudzangopezako miyala."

Ndinakanena kunyumba monga mmene anandiuzira, ndi mawu awo omwe. Amalume anati aphunzitsi akunena zoona ndithu, ndipo ndikawathokoze, koma ife tipita Novembala yemweyo. Ndinachita manyazi pokabweza yankholi. M'mawa mwake aphunzitsi anandiitana pa buleki n'kundipatsa buluku lokhuthala losalowa madzi, la mwana wawo amene anali atakula. Lero ndimaganiza kuti mwina iwo anamva china chake m'kukakamira kwa amalume chimene ine sindinamve.

Maphunziro ankachitikira m'kakhonde ka m'nyumba, pakati pa chitseko cha bafa ndi cha kukhitchini. Ndikaweruka kusukulu, amalume ankandiveka masokosi awiriawiri kuti ndiziterereka pansi. Ankaonera mavidiyo pafoni, n'kundiphunzitsa zomwe iwo eni anali atangoziona mphindi zisanu zapitazo. "Pinda mawondo. Zala za kumapazi ziyang'anane, zidendene zitalikirane. Usayang'ane pansi, yang'ana kumene ukupita." Chimene anakakamira kwambiri chinali kugwa. Ankayala matiresi a sofa yawo, n'kundiuza kuti ndigwere cham'mbali, ndidzuke, ndigwenso. Iwonso ankagwa, munthu wamtali chonchija, mpaka anthu okhala m'fulati ya pansi pathu anagogoda denga lawo ndi ndodo ya tsache. Amayi akafika kuchokera kuntchito ankatipeza tili pansi tonse awiri, n'kungotidumpha popita kukhitchini.

"Achimwene, mundiphera mwana asanafike n'kuphiri komwe."

Paphiripo panali kamera yoonetsa mmene kunja kulili, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu tinkaiyang'ana pafoni ya amalume, uku ndikudya phala. Ndimachikumbukira bwino chithunzi chimenecho. Udzu wofiirira, miyala yakuda yonyowa, mipando yokwezera anthu pamwamba ili lende pa waya, yopanda munthu. Nthawi zina dontho la mvula linkakhala pagalasi la kamera n'kubisa theka la phiri. Tsiku lina tinaona nsonga yake itayera ngati mwawazapo ufa, ndipo ndinakuwa mpaka amayi anatuluka m'bafa ndi sopo kumaso. Pofika mawa lake zonse zinali zitasungunuka.

Loweruka lomaliza la Novembala linafika ndi mvula yofunda. Sitinapite. Amalume anasuntha ulendo kufika Loweruka lotsatira, ndipo amayi anapempha mnzawo wa kuntchito kuti asinthane shifiti kachiwiri. Mlungu umenewo chipale chinagwadi, koma chinabwera ndi chimphepo, msewu n'kutsekedwa. Tinali titavala kale, masangweji ali m'chikwama. Ndinalira nditakhala pamasitepe ndi jekete yofiira ija. Ndinanena kuti aphunzitsi ananena, anthu onse ananena, chifukwa chiyani sitikungodikira ngati anthu ena. Ndinawatchula amalume kuti ndi osamva.

Amayi anali munthu wosalola mwana kulankhula choncho kwa wamkulu. Tsiku limenelo sanandidzudzule. Anayang'ana mlongo wawo, mlongo wawo n'kuyang'ana pansi. Kenaka amayi anatenga foni n'kulowa kuchipinda, ndipo ndinawamva akupemphanso mnzawo uja, kachitatu tsopano, ndi mawu otsika amene ankalankhulira akamapempha chinthu kwa munthu amene anamupempha kale. Ndakula, ndagwirapo ntchito za mashifiti, ndipo ndikudziwa kulemera kwa pempho lachitatu. Amayi anagwira Lamulungu awiri otsatizana pobweza.

Mlungu wachitatuwo kunazizira kwenikweni. Madzi ankaundana pamagalasi a galimoto moti tinkachita kuwakala ndi khadi m'mawa, ndipo mpweya unkaluma m'mphuno. Chipale chochokera kumwamba sichinagwe chokwanira, koma amalume anabwera kuchokera ku Hillhead Lachinayi akumwetulira. Anati eni malowo ayatsa makina opopera madzi m'mwamba kuti azigwa ali chipale, ndipo atsegula kamtunda kamodzi ka ophunzira. Anandijambulira makinawo kuseri kwa envelopu, mapaipi ake ndi mmene madzi amagawikira tizidutswa. Maso awo ankawala ngati makinawo apanga ndi iwo.

Tinanyamuka kusanayere bwino. Amayi anayendetsa okha ulendo wonse, atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, m'misewu yopapatiza yokhotakhota imene anali asanayendemo. Kagalimoto kanatsokomola pazitunda koma sikanaime. Nyumba zinatha, mitengo inatha, panatsala dambo lalikulu la madzi oundana ndi mapiri akuda. Amalume anakhala kutsogolo ndi mapu a pepala pamiyendo, ngakhale msewu unali umodzi wokha.

Zimene tinapeza zinali zimene aphunzitsi ananena, kungowonjezerapo pang'ono. Phiri lonse linali lofiirira, ndipo m'munsi mwake munali kamzere koyera, kotalika mwina ngati bwalo la mpira, kopapatiza ngati msewu wa kwathu. Ndinakhumudwa. Amalume anatsika m'galimoto, naima, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Taonani kukongola kwakeko, achemwali!" Ankanena zochokera pansi pa mtima.

Nsapato zobwereka zinali zolimba ngati zidebe, ndipo zinkandifinya m'miyendo. Chipale chija chinali chokhakhala, chikulira pansi pa masikii ngati shuga akamatafunidwa. Ulendo woyamba ndinagwa ndisanayende n'komwe. Ndinagwera cham'mbali, monga tinkachitira pamatiresi, ndipo ndinadzuka ndekha. Amalume nawo anabwereka masikii, koma miyendo yawo yaitali ija inkapita uku ndi uku. Anagwa chagada, anagwa chafufumimba, kamodzi anatsetsereka chobwerera m'mbuyo mpaka kukakumbatira mpanda. Tiana ta zaka zinayi tinkawadutsa. Iwo ankangoseka, n'kumapepesa kwa aliyense. Patapita ola limodzi anavula masikii aja, nabweza, n'kuvala nsapato zawo za masiku onse. Kuyambira pamenepo ankathamanga m'mbali mwanga, m'matope a m'mphepete mwa chipale, kutsika ndi kukwera, kutsika ndi kukwera, akufuula m'Chichewa pakati pa azungu onsewo: "Mawondo! Yang'ana kutsogolo!"

Chakumasana ndinatsika kamtunda konse osagwa. Mphepo inandilowa m'mano chifukwa pakamwa panali pululu. Nditaima m'munsi, zala za kumapazi zitayang'anana, ndinamva nthungululu. Anali amayi, amene tsiku lonse anangoima pampanda ndi fulasiki ya tiyi, akunjenjemera. Anthu anacheuka. Amayi sanasamale, analuluta kachiwiri. Amalume anafika ali wefuwefu, buluku lili matope mpaka m'mawondo. Anangogwada n'kundikonza sikafu imene inali bwinobwino kale.

Pobwerera, dzuwa linali likulowa ngakhale inali isanakwane folo koloko. M'galimoto munkanunkha masokosi onyowa ndi makoko a malalanje. Ine ndinakhala kumbuyo, masaya akutentha, pakamwa posatseka.

Zimene sindinkadziwa ndi izi. Maphunziro a amalume anali atatha, ndipo mapepala awo okhalira m'dziko lino ankatha Khrisimasi isanafike. Kumudzi ntchito inkawadikira. Tikiti ya ndege inali itagulidwa kale magalasi aja asanafike patebulo, ndipo inali ya Lachinayi lotsatira. Iwo ndi amayi anagwirizana kuti asandiuze mpaka titabwerako kuphiri, kuti tsikulo likhale langa, lisakhale lotsanzikana. Anandiuza m'mawa mwake, titabwera kutchalitchi. Koma m'galimoto muja ndinali ndisanadziwe.

"Amalume, mu Febuluwale tibwerenso," ndinatero. "Chipale chikadzadzaza phiri lonse. Ndidzakuphunzitsani ineyo."

Amayi anakweza dzanja limodzi kuchoka pachiwongolero, kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo, n'kupukuta pansi pa diso. Ndinaganiza kuti ndi kutopa.

"Iwe udzabweranso ndithu," anatero amalume osacheuka. "Udzakwera mpaka pamwamba penipeni."

Ine ndinangomva kuti avomera. Ndinayamba kuwafotokozera mmene tidzachitire: tidzakwera mipando ya pawaya ija tonse awiri, iwo adzakhala kumanja chifukwa ndi olemera, tidzatenga masangweji a mazira m'malo mwa a tchizi, ndipo ndidzawagwira dzanja potsika kuti asakakumbatirenso mpanda. Ndinalankhula msewu wonse mpaka magetsi a Glasgow ataoneka. Pa chilichonse chimene ndinanena amalume ankayankha kuti, "Eya, eya," mutu atatsamiritsa pagalasi, ndipo ine ndinkadabwa kuti munthu amene anakonzekera ulendo woyamba ndi mtima wonse chonchija analibe nawo chidwi wachiwiriwo.