Shuga amene ndinkathira m'manyumwa a amayi

Mwana wanga wachisamba, uyu amene akuphunzira zaunamwino, ndi amene wandiumiriza kuti ndifotokoze zimenezi. Zayambira pa kasefa. Kasefa ka tiyi kapulasitiki, kobiriwira, kothyoka chogwirira, kamene kakhala pansi pa sutikesi yanga zaka zonsezi. Anakapeza tsiku lina akufunafuna buku langa lakuchipatala. Ati, "Amama, zinyalala izi mukusungiranji?" Ndiye ndinamuuza. Atamva ati, "Lembani." Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye mundikhululukire ndikamapita uku ndi uku.

Tinkakhala ku Bangwe, kumtunda kwenikweni, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Chinali chaka cha referendamu, anthu ali pa mkangano wa nyali ndi tambala, mpaka azimayi kutukwanana pampopi ndowa zili pamutu. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, za nyalizo sizinkandikhudza. Chimene ndinkadziwa n'chakuti amayi abwerako kuchipatala atachita kuwanyamula, ndipo adokotala anena kuti akapumulire kunyumba. Ndinasangalalatu! Ndinkayesa kuti akakuuza kuti pita kwanu ndiye kuti wachira. Abambo anali atatisiya chaka cham'mbuyo mwake, nawonso ataonda chimodzimodzi, koma masiku amenewo matendawa sitinkawatchula dzina. Anthu ankangoti "akudwaladwala," n'kuyang'ana kumbali. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anabwera kuchokera ku Thyolo kudzadwazika.

Amalume anali gadeniboyi kwa mzungu wina ku Sunnyside. Loweruka lina anatulukira ndi thumba la feteleza paphewa, kunja kuli chiperoni chija cholowa m'mafupa, n'kukhuthula pansi. Manyumwa! Achikasu, akuluakulu ngati mutu wa khanda, ena ofiirira mkati. Ine ndinali ndisanawaonepo. Ife tinkadziwa malalanje ndi manachesi a ku Mwanza, omwe amayi akadali ndi mphamvu ankaoda n'kumagulitsa pamsewu. Fungo lake linadzaza nyumba yonse mpaka kuphimba fungo la matenda lija, limene ndinali nditalizolowera osadziwa.

Amalume anati, "Bwana wanga amadya theka m'mawa uliwonse ndi kasupuni. Munamumvapo kuti wadwala? Mphamvu yake ili m'kuwawako. Iwe, uzifinyira mayi ako kapu imodzi usanapite kusukulu. Koma osathira shuga, wamva? Ukathira shuga wapha mankhwala."

Amalume sanali munthu wabodza ayi. Anali munthu woti akuona mlongo wake akutha ngati sopo, ndiye anagwira chimene chinali pafupi. Izi ndikuziona lero. Nthawi imeneyo mawu awo anali ngati a m'Baibulo.

Ndiye ntchito inakhala yanga. Kudzuka m'mamawa, kudula limodzi pakati ndi mpeni wosendera mbatata, kufinya ndi manja onse awiri, madzi n'kumadutsa pa kasefa kaja kuti njere zitsale. M'zala mwanga munali ming'alu ya chisanu, madziwo akalowamo ankaluma ngati tsabola. Kusukulu aphunzitsi ananunkhiza kope langa ati, "Iwe, wabwera kudzaphunzira kapena kudzagulitsa malalanje?" Kalasi yonse kuseka. Aphunzitsi amenewo ankakonda kutituma kukawatungira madzi kunyumba kwawo nthawi ya masamu, n'chifukwa chake masamu ndimachita kuwerengera zala mpaka lero, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Amayi ankamwa atatsamira khoma, atafunda zitenje ziwiri ndi juzi ya malemu abambo. Akangoti kamodzi, nkhope yonse kukwinyika, maso kutseka, misozi n'kumatsika yokha. Ankamwa pang'onopang'ono mpaka kapu iume, kenako n'kuti, "Zikomo adokotala anga. Thamangani, mwachedwa."

Ndinapirira sabata imodzi. Kenako ndinalawa ndekha, ndipo ndinalavula. Ndinati ayi, munthu wodwala kale azimwanso zoterezi? Tinali ndi shuga pang'ono m'kabotolo, amene amayi aang'ono ankasungira phala la wodwalayo. Ndinatapa supuni imodzi n'kutakasa ndi chala kuti supuni isalire m'kapu. Amayi atalawa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Alerowa apsa bwino." Basi. Kuyambira pamenepo ndinkathira tsiku lililonse. Loweruka amalume akabwera ndi thumba lina n'kufunsa kuti, "Sukuthiramo shuga eti?" ine ndinkapukusa mutu, maso ali pansi.

Anamwalira mu Ogasiti, mphepo yafumbi itayamba, masana dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali kumpopi. Ndinamva kulira ndikukwera chitunda, ndowa ili pamutu, ndipo ndinafika nayo pakhomo osataya ngakhale dontho. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake ndinasamala madziwo chotero. M'thumba munali mutatsala manyumwa anayi.

Pamaliro ndinamva amalume akuuza mnzawo kuseri kwa nyumba kuti, "Tinayesetsa, achimwene. Ngakhale manyumwa sanaphule kanthu." Ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Ndinapha mankhwala. Ndinapha amayi anga ndi supuni ya shuga.

Sindinauze munthu. Ndinangosiya kumwa tiyi wa shuga, anthu n'kumati kamtsikana aka n'kamatama. Amayi aang'ono ananditengera ku Thyolo, sukulu inathera konko, ndinakwatiwa, ndinabwereranso m'tauni muno, ndinabereka, nkhani ili m'mimba ngati mwala. Amalume anamwalira ndisanawauze.

Ndinadzaulula ndili kale ndi ana awiri, tsiku lina tikusenda nandolo pakhonde ndi amayi aang'ono. Sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji. Iwo anaika lichero pansi ati, "Mwana iwe, zaka zonsezi?" Ndiye anandiuza. M'kamwa mwa amayi munali zilonda mpaka kukhosi, zoyera ngati chambiko, moti ngakhale phala linkawavuta kumeza. Madzi a manyumwa aja ankawawotcha ngati moto, kaya muli shuga kaya mulibe. Amayi aang'ono akawapatsa masana ankakana, ankatembenukira kukhoma. Ankamwa kapu yanga yokha. Ndipo za shuga ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anauza mng'ono wawoyo kuti, "Mwanayu akuba shuga wa phala kuti andikomere mtima. Uziwonjezera m'botolomo asaone kuti akutha. Ndipo achimwene asamve."

Nandolo uja sitinamalize kusenda.

Lero mwana wanga wanamwinoyu akuti manyumwa ndi chipatso chabwino, ali ndi mavitamini, koma matenda aja sakanawachiza ngakhale munthu akanamwa mtengo wonse. Akutinso ineyo, ndi mapiritsi anga a bipi, ndisamwe madzi ake ndisanafunse kuchipatala, chifukwa ena sagwirizana nawo. Ndinamuseka. Ine kumwa? Ndikangomva fungo lake mumsika wa Limbe ndimadzera njira ina.

Inu amene mwawerenga, kafotokozereniko anzanu, makamaka amene m'nyumba mwawo muli matenda ndipo ana ndi amene akuthandiza kudwazika. Muziwauza anawo zoona, angasenze imfa imene sanaichite. Ine ndinkaima pakhomo paja kasefa kali m'manja, kuyang'ana misozi ya amayi, n'kumayesa kuti ndikuwachiritsa. Sindinkadziwa kuti iwo ankameza moto m'mawa uliwonse kuti ine ndipite kusukulu mtima uli m'malo.