Ba Exildah Pa Makina Oyezera Mtima

Ku Mtendere, ukwati wosadutsa m'manja mwa Ba Exildah Nkole sumveka. Ndiwo amaphunzitsa operekeza mkwati kuvina, pabwalo la fumbi kuseri kwa nyumba yawo. Anachoka ku Kitwe ali mtsikana, ndipo ngakhale imvi zamera, palibe wachinyamata amawaposa kudula chiuno.

Chaka chatha chifuwa chinayamba kuwathina. Akavina nyimbo yothamanga, kapena akanyamula chigubu cha madzi, ankamva ngati wina wawakhalira pamtima. Akapuma pang'ono zinkatha. Mwana wawo Tiza anawakokera kuchipatala.

Dokotala, mayi wina dzina lake Kafula, anafotokoza kuti mwina mitsempha yodyetsa mtima yachepa njira, n'chifukwa chake ululu umabwera pa ntchito yolemetsa pokha. Anati angathe kungoyamba mankhwala, kapena kuyezedwa kaye. Kuyezako kunali pawiri: kulowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa pamkono mpaka kumtima, kapena kuyenda pa makina a lamba wozungulira, mawaya atamatidwa pachifuwa, liwiro likukwera pang'onopang'ono.

Tiza ankafuna za kapaipi, poti zimaonetsa zonse. Dokotala anati nazonso zili ndi zoopsa zake, ndipo munthu amene ululu wake sukukula sayambira pamenepo. Apa n'kuti Ba Exildah maso akuwala kale.

"Ba dokota, mukamba kuti ine niziyenda chabe, imwe muziyang'ana mtima wanga? Nilembeni. Ivo ndiye vinthu vanga."

Compound yonse ya Mtendere inamva. Ba Exildah anapita kumsika wa Kamwala kukagula nsapato zothamangira zofiira, nazionetsa ku kwaya, pampopi, ngakhale kwa ogulitsa makala.

Tsiku loyezedwa, lamba atayamba kuyenda, anaseka n'kufunsa nesi ngati m'chipindamo mulibe nyimbo. Anaponda mwamphamvu, thukuta likutsika, Tiza akuwaombera m'manja pakhomo. Makina atapendekeka ngati chitunda, kuthina kuja kunabwera, ndipo anakweza dzanja monga anawauzira.

Dokotala anati mtima wapirira nthawi yaitali usanadandaule. Pakali pano mankhwala akwanira, ndi kapiritsi koika pansi pa lilime ululu ukabwera. Avine ndithu koma azipumira, ndipo ululu ukadzawapeza atakhala pansi, athamangire kuchipatala.

M'minibasi anafotokozera aliyense nkhaniyo, akuponda pansi kuonetsa mmene lamba ankathamangira. Bambo wina wa kumbuyo anawafunsa mwamanyazi kuti makinawo ali chipinda chiti. Pomuyankha, anapitirira siteshoni yawo.